Anazungulira Dziko Ali Pampando

Usiku wa pa 30 Malichi 2003, anthu a mumzinda wa Chicago ku America ali m'tulo, zimakina zokumbira misewu zinalowa pa kabwalo ka ndege ka Meigs Field, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan. Pomwe kunkacha, msewu womwe ndege zinkathamangapo unali utakumbidwa malo angapo, maenje ake ooneka ngati chilembo cha X. Ndege 16 zinatsala zopanda ponyamukira. Analamula zimenezi ndi mfumu ya mzindawo, Richard M. Daley, yemwe anati akuteteza anthu ku zigawenga, ngakhale aliyense ankadziwa kuti kwa zaka zambiri mkuluyu ankafuna malowo asanduke paki. Bungwe loona za maulendo a pandege m'dzikolo, la FAA, linalipiritsa mzindawo chindapusa cha madola 33,000 chifukwa chosachenjeza masiku 30 pasadakhale. Koma bwalo linali litapita basi.

Eni ndege a ku Chicago anakwiya, ndipo m'pomveka. Chodabwitsa n'chakuti madandaulo anachokeranso kwa anthu omwe sanapondepo ku America, ena mwa iwo osakwerapo n'komwe ndege. Anthuwa ankaidziwa Meigs ngati pakhomo pawo. Ankadziwa kuti ukanyamuka kulowera kumpoto, nyanja imakhala kudzanja lamanja, nyumba zitalizitali za Sears Tower ndi John Hancock Center zili kutsogolo chakumanzere. Kwa zaka pafupifupi 20, munthu akayatsa pulogalamu ya Microsoft Flight Simulator ankadzipeza ali pa bwalo limeneli, m'kandege ka Cessna, injini ikulira. Maulendo miyandamiyanda anayambira pamenepo, onse a pa kompyuta.

Ambiri amaganiza kuti chizolowezi chouluka maola ambirimbiri pa kompyuta pofuna kungoona malo chinabwera ndi zithunzi zokongola za masiku ano. Mbiri ikunena zina. Alendowa anayamba ulendo dziko loti alione lisanamangidwe, ndipo mbali yaikulu ya dzikolo anamanga ndi iwo eni.

Makina oyeserera kuuluka ndi akale kuposa kompyuta, koma oyambirirawo analibe nazo ntchito zoona malo. Mu 1929, mnyamata wa ku Binghamton m'chigawo cha New York, Edwin Link, anapanga kabokosi kokhala ndi timapiko, kokhazikidwa pa mivukuto yomwe anatenga ku fakitale ya bambo ake yopanga mapiyano ndi malimba. Munthu akalowamo n'kukankha ndodo yowongolera, mpweya unkalowa kapena kutuluka m'mivukuto ija, bokosi n'kupendekeka. Poyamba asilikali sanachite nalo chidwi, ndipo ogula ambiri anali eni malo achisangalalo omwe ankakwezamo anthu powalipiritsa timakobidi. Zinthu zinasintha mu 1934, boma la America litapatsa asilikali a m'ndege ntchito yonyamula makalata. M'kanthawi kochepa oyendetsa ndege oposa 10 anafa, ambiri chifukwa sankadziwa kuuluka usiku kapena m'chifunga, pamene maso sathandiza. Asilikali anagula mabokosi 6. Pomwe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inkatha, oposa 10,000 anali atapangidwa.

M'bokosi la Link wophunzira ankamutsekera chivindikiro kuti asaone kunja, maso akhale pa timawotchi toonetsa liwiro, kutalika ndi kolowera. Ulendo wake unkaoneka kwa mphunzitsi yekha, yemwe ankakhala pa tebulo pambali akuyang'ana kachipangizo kamatayala kakulemba mzere wa inki pa mapu. Phiri, mtsinje, kulowa kwa dzuwa, zonsezo sizinali mbali ya maphunziro.

Amene anatsegula zenera ndi Bruce Artwick, wophunzira zauinjiniya pa yunivesite ya Illinois, yemwe pakati pa zaka za m'ma 1970 anafufuza momwe kompyuta yaing'ono ingajambulire dziko monga amalionera munthu ali m'ndege. Iye ndi mnzake Stu Moment, mphunzitsi wa oyendetsa ndege, anatsegula kampani ya Sublogic, ndipo chakumapeto kwa 1979 kulowa 1980 anatulutsa Flight Simulator ya makompyuta a Apple II ndi TRS-80. Pulogalamuyo inkabwera pa kaseti yofanana ndi ya nyimbo. Dziko lake lonse linali timabokosi 36, 6 m'litali 6 m'lifupi, tojambulidwa ndi mizere pa mdima, mapiri ake ali mizere yokhotakhota kumalire. Chithunzi chinkasintha kangapo chabe pa sekondi, moti ndege inkayenda modumphadumpha. Kuti ogula asatope, anaikamonso kankhondo kowombana ndi ndege za adani.

Microsoft inaona msika, inapangana ndi Artwick, ndipo mu Novembala 1982 inatulutsa Microsoft Flight Simulator ya makompyuta a IBM. Dziwani kuti apa Windows inali isanabadwe. Iyo inadzabwera mu 1985. Dziko linakula kufika madera 4: Chicago, Seattle, Los Angeles, ndi New York pamodzi ndi Boston. Pulogalamuyi inkafinya kompyuta kwambiri, moti ogulitsa ndi olemba magazini ankayesera nayo makina a makampani ena otengera IBM. Ikakana kuyenda, ogula ankadziwa kuti makinawo sakufika pa a IBM enieni.

Pakati pa madera anayiwo panalibe kanthu. Ukachoka ku Chicago kulowera kum'mawa, posakhalitsa misewu ndi mitsinje zinkatha, n'kutsala mtundu umodzi pansi, wina kumwamba, mzere pakati. Ngakhale m'kati mwa maderawo, mzinda unali chigamba cha mtundu wina, nyumba zodziwika zili zowerengeka ndi zala. Munthu wanzeru zake akanazimitsa kompyuta n'kukagona. Ambiri sanazimitse. Ankatambasula mapu omwe ankabwera m'bokosi la pulogalamu, kutchera wailesi ya m'ndege pa nambala ya siteshoni yolondolera ndege yotchedwa VOR, n'kumatsata singano kwa ola lathunthu mpaka bwalo lina litatulukira kutsogolo. Kukoma kwake kunali kufika pomwe unawerengera kuti ufika, pa nthawi yomwe unawerengera.

Wolemba wina, Charles Gulick, anazindikira kuti anthuwa akufuna wowaperekeza. Mu 1985 anatulutsa buku lotchedwa 40 Great Flight Simulator Adventures, lomwe linatsatiridwa ndi ena angapo. Mutu uliwonse unkayamba ndi manambala oti wowerenga alembe pa kompyuta: malo, kutalika, kolowera, nthawi ya tsiku, mphepo. Kenako Gulick ankalankhula monga wakhala pampando wa pambali, akuloza zomwe zili pansi, kutchula dzina la mtsinje, kusimba za tauni yomwe pa sikirini inali kadontho chabe. Zomwe kompyuta inalephera kujambula, mawu ankamalizitsa. Apa mpomwe mwambo wa ulendo wokaona malo unakhazikika, ndipo onse okonza maulendo otere lero ndi adzukulu a Gulick, kaya amamudziwa kaya ayi.

Sublogic nayo inanunkhiza ndalama. Inayamba kugulitsa madisiki a malo, lililonse lodzaza chigawo chimodzi cha America, kenako Japan, kumadzulo kwa Ulaya ndi Hawaii. Pa 28 Meyi 1987, Mathias Rust, mnyamata wa zaka 18 wa ku West Germany, anauluka ndi Cessna yeniyeni kuchoka ku Helsinki, n'kupyola chitetezo chonse cha Soviet Union mpaka kukatera pafupi ndi Red Square mu Moscow. Nduna ya zachitetezo ya dzikolo inachotsedwa ntchito. Chaka chotsatira Sublogic, potsatsa disiki yake ya ku Ulaya, inayambitsa mpikisano woti ogula apeze Red Square. Anthu ali m'zipinda zawo anayamba kuwerengera mafuta ndi kampasi, kulowera kum'mawa pamwamba pa nthaka yopanda kanthu, akufunafuna Moscow.

Zinthu zinatembenuka mu 1990, pamene Microsoft inatulutsa chida chotchedwa Aircraft and Scenery Designer, cholola aliyense kumanga msewu wa ndege, mlatho kapena nyumba. Munthu wa m'tauni yaing'ono yomwe kampani inaiiwala tsopano akanatha kuiika yekha pa dziko. Ankatumizirana mafayilo kudzera pa mawaya a lamya, kenako pa intaneti, ambiri mwaulere. Ena ankapita ndi kamera ku bwalo la ndege la kwawo, kujambula nsanja, mashedi ndi mipanda, n'kutha miyezi akuzimanga kuti mlendo wosamudziwa wa kutsidya kwa nyanja adzatere pabwino. M'zaka zomwezo munabadwa makampani a ndege ongoyerekeza. Munthu amalembetsa, amapatsidwa njira ndi ndandanda, amalemba maola ake m'kaundula, amakwezedwa udindo mpaka kukhala kaputeni, osalandira ndi tambala yomwe.

Kampani inkathamanga pambuyo pa ogula ake. Flight Simulator 5 ya 1993 inayamba kumata zithunzi pansi m'malo mwa mitundu yosalala, ndipo inawonjezera Paris ndi Munich. Flight Simulator 2000 inabwera ndi mabwalo oposa 20,000 a dziko lonse, komanso mwayi wotenga nyengo yeniyeni pa intaneti, kuti mvula ikamagwa ku Nairobi igwenso pa kompyuta.

Thandizo lalikulu linachokera kumwamba kwenikweni. Mu Febuluwale 2000, chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chinazungulira dziko masiku 11 chikuyeza ndi radar kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ndipo chinayeza pafupifupi 80 peresenti ya mtunda wonse. Zotsatira zake zinaperekedwa kwaulere. Okonda ndege za pa kompyuta anazitola n'kuzisandutsa mapiri ndi zigwa zokhala ndi maonekedwe ake enieni, m'malo mwa zitunda zobulungira zomwe kale zinkaimira phiri lililonse. Panali kukondera: America inalandira muyeso wa mamita 30 aliwonse, mayiko ena wa mamita 90, ndipo wa mamita 30 wa Africa unadzatulutsidwa mu 2014. Kusiyana kwake kumaonekera pa phiri longa Mulanje, lomwe ulemerero wake uli m'maphompho ndi m'matanthwe oimirira monga a Chambe. Muyeso wotalikirana umasalaza zimenezo, phiri n'kusanduka chulu.

Nanga ulendo wautali wa pa kompyuta umayenda bwanji? Tengani wofuna kuzungulira dziko ndi Cessna 172, kandege ka anthu 4 kothamanga makilomita pafupifupi 220 pa ola. Kuzungulira dziko ndi makilomita 40,000 n'kanthu, ndiye ngakhale atauluka molunjika angafunike maola oposa 180. Koma sangalunjike, pakuti mafuta amatha pakapita maola 5 kapena 6. Amaudula ulendo m'zigawo, ola limodzi kapena awiri madzulo akaweruka kuntchito, ndipo mawa amayambira pa bwalo lomwe anatera dzulo. Miyezi imatha, kwa ena chaka. Nyanja ya Atlantic amaiwoloka momwe amachitira oyendetsa enieni operekeza tindege tating'ono ku Ulaya: Goose Bay ku Canada, Narsarsuaq ku Greenland, Reykjavik ku Iceland, Wick ku Scotland. Ku Narsarsuaq ndege imatsata khwalala la madzi pakati pa mapiri, bwalo lili kumapeto, chimulu cha madzi oundana chili kuseri kwake, ndipo mitambo ikatsika kobwerera n'kutali. Pacific ndiye imavuta kuposa apo. Ambiri amailambalala chakumpoto, kudzera Japan, Kamchatka ndi Alaska.

Pakati pa anthuwa pali mkangano wosatha. Pulogalamu ili ndi batani lofulumizitsa nthawi, loti ulendo wa maola 8 uthe m'mphindi zochepa. Ena amati kulikhudza n'kuba. Ena amati ali ndi ana ndi ntchito, sangachezere usiku wonse akuyang'ana madzi. Okhwima pa mwambo amadziikira malamulo: nyengo ikhale yeniyeni, nthawi ikhale ya wotchi ya pakhoma, GPS isayatsidwe, ndipo ukagwa ubwerere poyambira chigawocho. Palibe wowalondera, koma amasunga. Pa mkanganowu odekha ali ndi mfundo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene wadutsa chipululu cha Sahara pa liwiro la Cessna, maola akutha ali mchenga wokhawokha, amadziwa kukula kwake mwa njira yomwe mapu a m'kalasi sangamuphunzitse. Wofulumira amafika, koma sadziwa kuti wayenda mtunda wotani.

Ulendo umafunanso kokafika, ndipo pali mabwalo omwe amatchulidwa paliponse pomwe anthuwa akumana. Lukla ku Nepal, khomo la okwera phiri la Everest, msewu wake ndi wa mamita 527, wotsetsereka, phompho mbali ino, khoma la phiri mbali inayo. Wa pa chilumba cha Saba ku Caribbean ndi wa mamita 400 okha. Ku Barra ku Scotland ndege zimatera pa mchenga wa m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndandanda imatsata kuphwa kwa madzi. Mfumu ya onsewa inali Kai Tak ku Hong Kong. Woyendetsa ankalunjika phiri lopakidwa timabokosi ta mitundu iwiri, kenako n'kukhota mwamphamvu kumanja ali pansi kwambiri, nyumba zosanjikizana zodzaza anthu zili m'munsi mwa mapiko, msewu n'kutulukira mwadzidzidzi utalowa m'nyanja. Bwaloli linatsekedwa mu Julayi 1998. Pa kompyuta anthu akuterabe mpaka lero.

Mu 2003, pokumbukira zaka 100 chiulukire abale a Wright ku Kitty Hawk, Microsoft inatulutsa mtundu wotchedwa A Century of Flight, wodzaza ndege zamakedzana: Spirit of St. Louis ya Charles Lindbergh, Douglas DC-3, Piper Cub, Vickers Vimy ndi zina. Ulendo unasanduka phunziro la mbiri. Wofuna kulawa zomwe Lindbergh anakumana nazo mu 1927 akanatha kukhala maola 33 ndi theka kuchoka ku New York kukafika ku Paris, m'ndege yopanda zenera la kutsogolo chifukwa thanki ya mafuta inatseka pamenepo. Vimy ili ndi mbiri kuno kwathu. Mu 1920, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand ananyamuka nayo ku England kulowera ku Cape Town. Vimy yawo yoyamba inagwa m'chigwa cha Nile. Yachiwiri inadutsa Abercorn, yomwe lero ndi Mbala, kenako Ndola, Broken Hill, yomwe ndi Kabwe, ndi Livingstone, isanaphwanyike ponyamuka ku Bulawayo, ndipo awiriwo anamaliza ulendo ndi ndege yachitatu ya mtundu wina. Njira ina yomwe wokonda zakale angaitsate ndi ya ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zomwe mu 1949 ndi 1950 zinkaima ku Cape Maclear pa Nyanja ya Malawi, pa ulendo wa pakati pa Southampton ndi Johannesburg.

Kuyenda awiri si mantha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anthu anapeza njira yolumikiza makompyuta awo kuti aliyense aziona ndege za anzake, ndipo ena anadzipereka kukhala olondolera a pa nsanja, akulankhula ndi oyendetsa m'mawu omwewo amene amamveka pa mabwalo enieni. Gulu la IVAO linayamba mu 1998, la VATSIM mu 2001. Kawiri pa chaka VATSIM imachititsa Cross the Pond, tsiku lomwe ndege mazanamazana zimawoloka Atlantic pamodzi, olondolera akulandizana ndege iliyonse kuchoka ponyamukira mpaka poterera, ndipo ofuna kuuluka amachuluka kuposa malo. Mwezi wa Novembala kumakhala WorldFlight. Magulu omwe anamanga zipinda zathunthu za oyendetsa Boeing kapena Airbus amazungulira dziko m'sabata imodzi, usana ndi usiku mosinthana, akusonkhetsa ndalama zothandizira ena. A ku Australia amapereka ku Royal Flying Doctor Service, madokotala oyenda pandege kukafika kumidzi yakutali.

Mu Januwale 2009 Microsoft inatseka Aces Studio, gulu lomwe linkapanga pulogalamuyi, patangotha zaka ziwiri ndi miyezi yochepa chitulutsire Flight Simulator X. Kwa zaka 11 panalibe wolowa m'malo weniweni. Zomwe kampani inayesa mu 2012, zotchedwa Microsoft Flight, zinali ndi chilumba chimodzi cha Hawaii kwaulere, zina zonse zogula, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa patangopita miyezi 5. Anthu ozolowera dziko lonse sanafune kutsekeredwa pa chilumba. Anakakamira pulogalamu yakale ija, kuiwonjezera mitambo, mapiri, mizinda ndi mabwalo, mpaka inkatsamwa ndi kulemera. Nthawi zambiri inkazima ndege ili pafupi kutera, munthu atadikira maola 10, chifukwa mpomwe inkayesa kutsegula bwalo lalikulu malo okumbukira atadzaza kale. Ena anasamukira ku X-Plane ya Austin Meyer, yomwe inayamba mu 1995, ena ku Prepar3D ya Lockheed Martin, ena ku FlightGear yopangidwa ndi anthu ongodzipereka. Mwambo sunafe ayi, unangosowa mwini.

Kenako pa 18 Ogasiti 2020, ndege zenizeni zambiri zili pansi chifukwa cha mliri wa Covid-19, malire a mayiko ali otseka, Microsoft inabwerera. Ntchitoyi inagwiridwa ndi Asobo Studio ya ku Bordeaux ku France. Anatenga zithunzi za setilaiti ndi za pandege za Bing Maps, zochuluka mapetabaiti 2, omwe ndi magigabaiti 2 miliyoni. Kampani ya Blackshark.ai ya ku Graz ku Austria inaphunzitsa makompyuta kuzindikira denga pa chithunzi n'kuimiritsa nyumba yake. Zinatuluka nyumba 1.5 biliyoni, mitengo 2 thililiyoni ndi mabwalo a ndege pafupifupi 37,000, nyengo ikuchokera ku Meteoblue ya ku Switzerland. Dziko lotere silingakwane m'kompyuta ya munthu, choncho limabwera pa intaneti pang'onopang'ono, pomwe ndege ikudutsa. M'masabata awiri osewera anapitirira 1 miliyoni.

Kwa ambiri a iwo ulendo woyamba sunali wa ku Lukla. Ankafunafuna denga la kwawo, sukulu yomwe anaphunzira, mudzi wa agogo awo womwe mliri unawaletsa kupitako. Sabata yotsatira kutuluka kwa pulogalamuyi, namondwe wa Laura akuyandikira gombe la Louisiana, ena anatenga tindege tawo n'kukalowa m'mitambo yake kuti aone m'kati, eni dera akuthawa. Zoseketsa zinaliponso. Nyumba yachifumu ya Buckingham Palace ku London inatuluka ili mdadada wamba wa nyumba zosanja. Ku Fawkner, dera la nyumba zazing'ono mu Melbourne, kunamera chinsanja chopyapyala chosanjikizana ka 212, chifukwa wina polemba pa mapu aulere a OpenStreetMap chala chinamuterereka, n'kulemba 212 m'malo mwa 2. Anthu anakhamukirako, ena mpaka kutera pa denga lake chisanachotsedwe.

Opanga pulogalamu tsopano anavomera poyera kuti ambiri mwa ogula awo ndi alendo okaona malo. Anaikamo maulendo okonzeratu otchedwa bush trips, oyambirira ake a ku Patagonia, ku Balkans ndi kumapiri a Nevada ndi California, momwe woyendetsa amapatsidwa malangizo olembedwa: tsata mtsinje uwu, ukafika pa mlatho ukhote, dutsa pakati pa mapiri awiriwo. Ndi zomwe Gulick ankachita mu 1985, kungoti tsopano mtsinjewo ukuonekadi. Mu Novembala 2022, pokondwerera zaka 40, anaukitsa mabwalo omwe anafa, Meigs Field ndi Kai Tak.

Komabe dziko la pa kompyuta silinagawidwe mofanana. Mizinda yojambulidwa mwatsatanetsatane, momwe nyumba iliyonse imaoneka monga ilili, yambiri ili ku America ndi ku Ulaya. Pa mabwalo 40 omwe anamangidwa ndi manja mu 2020, a ku Africa anali owerengeka, monga Entebbe, Cairo ndi Cape Town. Pa zigawo 10 zoyambirira zomwe kampani inazikonzanso mwapadera, kuyambira ndi Japan mu Seputembala 2020, America inabwera kawiri, Africa osatchulidwa n'komwe. Chileka ndi Kamuzu International zilimo. Wonyamuka ku Chileka kulowera kum'mawa chakumwera amaona Mulanje atatukuka kutsogolo, Sapitwa ali pa mamita 3,002, ndipo wotsata Shire chakumtunda amadutsa Liwonde, nyanja ya Malombe ndi Mangochi mpaka kukatulukira pa nyanja yaikulu. Mapiri ndi madzi zili m'malo mwake. Nyumba ndiye zongopeka za makina, ndipo nthawi zambiri sizifanana ndi za m'midzi ndi m'matauni athu.

Palinso nkhani ya thumba. Pulogalamu ya 2020 inkafuna malo a magigabaiti 150 pa kompyuta. Ya 2024, yomwe inatuluka pa 19 Novembala, imadalira intaneti kuposa pamenepo, moti tsiku loyamba makina a kampani anadzaza, ogula ambiri n'kutha maola akudikira kuti ilowe. Kwa munthu wogula bandulo ya sabata, magetsi akuthimathima, ulendo wa maola 8 pa pulogalamu yotere ndi maloto.

Njira zotsika mtengo zilipo. FlightGear ndi yaulere, ndipo ukatsitsa malo kamodzi imayenda popanda intaneti. Google Earth ya pa kompyuta ili ndi ndege yake kuyambira mu 2007. Chinsanja cha ku Fawkner chinaonetsa kuti zolembedwa pa OpenStreetMap zimakafikadi m'dziko la ndege, zolakwika ndi zolondola zomwe. X-Plane imalandira mabwalo ojambulidwa ndi anthu wamba ndi chida chake chaulere cha WorldEditor, n'kuwaika m'pulogalamu ya aliyense. Wofuna kuti Mzuzu, Chipata kapena Tete zioneke momwe zililidi asadikire a ku Bordeaux. Atsegule mapu, ajambule misewu ndi nyumba za kwawo, atumize.